Ndithandizeni nzeru pa nyali za panja

Abale anga, ndikupempha nzeru. Tamaliza kudzala kapinga ndi maluwa pakhomo pathu ku Area 25, Lilongwe, koma kukada njira yochokera pageti kufika pakhonde imachita mdima wandiweyani. Mvula ikayamba mu Novembala ndimaopa njoka, poti ana amadutsa pomwepo.

Ndikufuna nyali za sola chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, koma mtengo wa mango umaphimba theka la njirayo tsiku lonse. Kodi ndigule sola imodzi ya padenga ndi batire, waya wa 12V ndikwirire m'paipi, kapena tinyali tozika pansi tija tingakwanire? Amene munagula nyali zolembedwa IP65 (chizindikiro choti zimapirira fumbi ndi madzi), madzi sakulowa? Nanga ndiziike patali bwanji ndi khonde kuti ngumbi zisamadzaze pakhomo?