Hilux yanyamula camper, kumbuyo kwakhala pansi: tiyike ma airbag kapena tisinthe masipuling'i?

Makaniko wa ku Selby:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mu galaja yanga kuno ku Johannesburg mwalowa Hilux double cab 2.8 GD-6 4x4. Mwini wake wakweza camper ija yochita kulowetsa m'bodi ya kumbuyo, yokhala ndi bedi pamwamba, khitchini ndi thanki ya madzi. Kumbuyo kwatsika moti pakati pa bump stop (labala woletsa ekiselo kugunda chasisi) ndi ekiselo pakungolowa zala ziwiri, mphuno yadzuka, ndipo akuti akadutsana ndi thiraki pa msewu waukulu wa N1 galimoto imapepesuka. Masipuling'i ndi ma shock ndi a ku fakitale. Iye akufuna ma airbag basi, matumba a labala opopa mpweya othandizira masipuling'i, poti ndi otsika mtengo, ndipo mwezi wamawa akupita ku Botswana, kumchenga ndi kumisewu ya mabampu ang'onoang'ono. Ndiyike kapena ndimukanize?

Mkulu wa masipuling'i, Germiston:
Achimwene, musagwire kaye sipanala. Pitani nayo pa sikelo, ngakhale ya ogula zitsulo zakale ikwana. Dizilo akhale wodzadza, dalaivala akhale m'kati. Mutenge manambala atatu: matayala akutsogolo okha, akumbuyo okha, kenako galimoto yonse. Mukatero muwerenge GVM, ndiye kuti kulemera konse kololedwa kwa galimoto ndi katundu wake, pa disc ya layisensi, ndi malire a ekiselo iliyonse pa plate ya fakitale. Muyezenso ndi tepi kuchokera pakati pa hub kufika pamlomo wa fender, mbali zonse zinayi, camper ilipo komanso itatsitsidwa. Popanda manambala amenewo tonse tikhala tikungolota.

Makaniko wa ku Selby:
Ndabwerako madala. Kutsogolo 1270 kg, kumbuyo 1690 kg, yonse 2960 kg. Disc yalemba GVM 2910. Izi ndi dalaivala yekha, thanki ya madzi ilibe kanthu. Camper ikakwera kumbuyo kukutsika 75 mm, kutsogolo kukudzuka 15 mm, ndipo mbali ya khitchini yatsika kuposa inzake ndi 12 mm.

Mkulu wa masipuling'i, Germiston:
Ndiye vuto loyamba si sipuling'i ayi. Galimotoyo yadutsa kale malire ndi 50 kg isanatuluke n'komwe pageti. Onjezani mayi akunyumba, tinene 70 kg, madzi malita 60 omwe ndi 60 kg, chakudya, zovala ndi za m'firiji zina 60 kg. Mwafika 3150, kupyola ndi 240 kg.

Apa mwini galimotoyo mumuuze mosapita m'mbali kuti sipuling'i yolimba imadzutsa galimoto koma siyisintha GVM. Mabuleki ndi omwewo, ma wheel bearing ndi omwewo, diff housing ndi chasisi ndi zomwezo. Itachita ngozi, a inshuwalansi akhoza kuyiyeza n'kukana kulipira, ndipo akamafufuza amene anagwira ntchito ya suspension adzafika pa galaja yanu. Zimene mwapeza pa sikelozo zilembeni pa job card, iye asayine.

Chachiwiri ndi pamene kulemerako kwakhala. Pa double cab gawo lalikulu la bodi lili pamwamba ndi kuseri kwa ekiselo yakumbuyo. Wheelbase ya Hilux imeneyi ndi 3085 mm. Tiyerekeze camper ya 500 kg yomwe pakati pa kulemera kwake pali 300 mm kuseri kwa ekiselo. Muchulukitse 500 ndi 3385, mugawe ndi 3085, mupeza pafupifupi 549 kg pa ekiselo yakumbuyo. 49 kg yowonjezerayo yachotsedwa kutsogolo. N'chifukwa chake chiwongolero chikupepuka, ndipo mabuleki akutsogolo, omwe amagwira ntchito yaikulu, akuchepa mphamvu yogwira msewu. Tayala lapadera la 40 kg lopachikidwa 1300 mm kuseri kwa ekiselo limaika 57 kg pa ekiseloyo. Zinthu zakumapeto kwenikweni n'zimene zimapweteka kwambiri.

Wa 4x4, Kempton Park:
Madala anena zoona pa nkhani ya sikelo, koma ma airbag tisawanyoze mopyola. Ali ndi malo ake. Ngati camper imatsitsidwa m'kati mwa sabata, munthu n'kumapita kuntchito bodi ili yopanda kanthu, sipuling'i ya 600 kg imuthyola msana, ndipo mvula ikagwa matayala akumbuyo amangodumpha pa phula. Airbag mumaipopa mukanyamula, n'kuiphwetsa mukatsitsa. Opanga ma airbag a Firestone Ride-Rite ndi a Air Lift amafuna kuti mpweya usatsike pansi pa 5 psi ngakhale mulibe katundu, kuopa kuti labala angatsinike n'kung'ambika, ndipo malire apamwamba ndi 100 psi.

Wowotcherera, Booysens:
100 psi imeneyo ndi imene imatibweretsera ntchito kuno. Leaf spring, sipuling'i yakumbuyo ya zitsulo zosanjikiza ija, imagawa katundu pa malo awiri a chasisi, pa hanger yakutsogolo ndi pa shackle yakumbuyo, ndipo malo amenewo fakitale inawalimbitsa dala. Airbag imakankha pamalo amodzi, pamwamba pa ekiselo penipeni. Mukaipopa kwambiri, sipuling'i imapuma, katundu yense wakuseri n'kuyamba kupendama pa kamalo kamodziko. Galimoto ikamenya dzenje kapena kutsika chulu cha mchenga ili pa liwiro, chasisi chimapindika pakati pa cab ndi ekiselo. Chizindikiro choyamba n'chakuti mpata wa pakati pa cab ndi bodi umatseguka pamwamba, pansi uli wothina. Pambuyo pake penti imasweka pa chasisi ndipo mumaona kamzere ka dzimbiri.

Kuwongola chasisi chopindika n'kuchiikira ma plate si ntchito yaing'ono, bodi imayenera kutsika, nthawi zina ndi thanki ya dizilo yomwe. Pa double cab yonyamula camper yopita kutchire, airbag isakhale yonyamula katundu. Makiti ena amachotsanso bump stop ya fakitale, ndiye chikaphulika chimodzi muli kutali, chitsulo chimagunda chitsulo.

Wa 4x4, Kempton Park:
Pamenepo sindikutsutsa amwene. Mfundo yanga ndi yoti sipuling'i inyamule katundu, airbag ingomalizitsa mamilimita 10 kapena 15 otsalawo, pa mpweya wochepa, 15 mpaka 25 psi. Ndipo paipi iliyonse ikhale ndi valavu yakeyake. Mukazilumikiza ndi T, pokhota mpweya umathawa mbali yopanikizika kupita mbali inayo, galimoto n'kupendekeka kuposa kale. Zikakhala zosiyana mukhozanso kukonza 12 mm ya mbali ya khitchini ija.

Makaniko wa ku Selby:
Mwini wake ndamufunsa. Camper siitsika, ali ndi galimoto ina yoyendera m'tauni.

Mkulu wa masipuling'i, Germiston:
Basi nkhani yaphweka, airbag muisiye. Yambani ndi kupungula katundu, chifukwa sipuling'i timasankha potengera kulemera komaliza, osati kwa lero. Chilichonse mukuchotsa muchiyeze pa sikelo ya mbedza. Tayala lapadera lachiwiri ndi chitsulo chake zimafika 60 kg. Towbar, ngati sakoka kalavani, ndi pafupifupi 30 kg ndipo ili kumapeto kwenikweni. Mabatire awiri a AGM a 100 Ah amalemera pafupifupi 30 kg lililonse, pomwe lithium imodzi ya 100 Ah ndi 12 kapena 13 kg. Mpando wakumbuyo uchoke ngati akuyenda awiri, ndipo pamalo pakepo mukhale madzi, mabokosi a zida ndi zonse zolemera, pansi penipeni. Madirowa a matabwa olemera nawonso aunikidwe. Mukhoza kufika pafupi ndi 2910, koma pafupi basi. Akakana kusiya katundu wake, njira zatsala ziwiri: GVM upgrade (kukweza malire a GVM) yovomerezeka, yodzera kwa kampani yolembetsedwa ngati MIB (yopanga, yoitanitsa kapena yomanga magalimoto), yokhala ndi mapepala a NRCS (bungwe la boma la South Africa loona za miyezo), disc n'kutuluka ndi nambala yatsopano, kapena asamutsire camper pa extra cab kaya single cab, pomwe kulemera kwa katundu kumasunthira kutsogolo kuposa pa double cab.

Tsono masipuling'i. A Old Man Emu, Ironman 4x4, Tough Dog ndi EFS amagulitsa ma leaf pack malinga ndi katundu wokhazikika, ena a 300 kg, ena a 500 kapena 600 kg. Katundu wokhazikika ndi amene satsika pagalimoto, ndiye kwa inu ndi gulu lapamwambalo. Kupinda masipuling'i akale kuti adzuke n'kutaya ndalama za munthu, chifukwa kupinda kumasintha msinkhu koma kulimba kwa chitsulo kumakhala komweko, ndipo sachedwa kubwerera pansi. Kuwonjezera leaf imodzi kumathandiza pa makilogalamu 150 kapena 200, osati pa camper. Mabuloko oika pakati pa ekiselo ndi sipuling'i, amenewo musawaganizire n'komwe.

Pomanga, izi n'zimene anyamata amalakwitsa kawirikawiri. Ma U-bolt, mabawuti omangira sipuling'i ku ekiselo, akhale atsopano, akale anatambasuka kale ndipo sagwira torque. Mutu wa centre bolt ulowe bwinobwino m'bowo la pa ekiselo, apo ayi galimoto iziyenda chammbali. Ma U-bolt mumange mopingasa, pang'onopang'ono, ndi torque wrench pa nambala ya m'buku, osati ndi mfuti ya mpweya. Mabawuti a shackle ndi a hanger musawamalize galimoto ili pa jeke. Itsitseni, camper ikhale pamwamba, muigwedeze, kenako mumange. Mukamanga ili m'malere, bushi ya labala imakhala yopotoka kuyambira tsiku loyamba ndipo siikhalitsa. Ngati mabushi ndi a polyurethane, pakani girizi amene anabwera nawo. Masipuling'i ena amalembedwa mbali, lamanzere ndi lamanja, onani musanapachike. Akayenda 500 km abwere mudzabwereze ma U-bolt, chifukwa ma leaf atsopano amakhazikika penti ikaperesedwa pakati pawo.

Wa ma shock ndi alignment, Jeppestown:
Ndiwonjezere za ma shock. Sipuling'i yolimba pa shock ya fakitale, galimoto imangonjanja, chifukwa shock yotereyo ilibe mphamvu yoletsa sipuling'i pobwerera. Gulani za kampani imodzi ndi masipuling'i, zinapangidwa kuti ziyendere limodzi. Pa mabampu ang'onoang'ono a ku Botswana shock imagwira ntchito mosapuma, mafuta amatentha n'kuchita thovu, ndipo pamenepo yasiya kugwira. Pamafunika ya thupi lalikulu, foam cell kapena monotube. Ya remote reservoir ndi yabwino koposa ngati thumba likulola.

Utali muuyeze, musakhulupirire katoni. Ekiselo ikalendewera mpaka pansi, paipi ya buleki ndi waya wa ABS zisakokeke. Ikakwera mpaka pamwamba, bump stop iyambe kugunda shock isanatsekeke yonse, apo ayi mount imathyoka. Makiti ambiri amadzutsa 40 kapena 50 mm, ndiye mukamva kunjenjemera ponyamuka, ndi ngodya ya propshaft, ikani spacer pa centre bearing kapena ma wedge pansi pa sipuling'i. Kutsogolo musangoika ma coil olemera chifukwa kumbuyo mwaika olemera. Onani ngati kuli bull bar yachitsulo ndi winch. Ngati kulibe, coil yapakati ikwana. Alignment ichitike camper ilipo, ndipo nyali muziwongolere, pakali pano zikuthobwa anthu m'maso.

Kwa amene akugwira ma Hilux akale opanda ABS, kumbuyo kuli load sensing valve ya mabuleki. Mukadzutsa galimoto osasuntha bracket yake, valavu imayesa kuti bodi ilibe katundu n'kuchepetsa buleki yakumbuyo.

Wa matayala, City Deep:
Ali ndi matayala anji, achimwene?

Makaniko wa ku Selby:
265/65 R17, load index 112.

Wa matayala, City Deep:
112 ndi 1120 kg pa tayala, awiri 2240 kg, ndiye pa pepala akukwana 1690 yanuyo. Koma nambala imeneyo imagwira ntchito tayala litapopedwa mokwanira. Kumchenga adzaphwetsa mpaka 1.5 bar kapena kutsikirapo, ndipo pamenepo mphamvu yonyamula imagwa, m'mbali mwa tayala mumapindika n'kutentha. Akatuluka mumchenga n'kuthamanga pa phula osapopa, tayala limaphulika. Ikani matayala a LT (Light Truck, a magalimoto onyamula katundu), 120/117, omwe ndi 1400 kg lililonse ndipo m'mbali ndi molimba. Zimenezi zichepetsanso kupepesuka kuja. Chenjezo n'lakuti LT imafuna mpweya wochuluka kuposa tayala wamba kuti inyamule katundu yemweyo. Yambani kumbuyo pa 3 bar ali ozizira, ayende ola limodzi, muyezenso. Ukakwera kupitirira 0.3 bar, anali ochepa mpweya, onjezani. LT ndi yolemeranso ndi makilogalamu angapo pa tayala, kasanu, ndiye mukabwerere nawo pa sikelo. Ngati marimu ndi ogula padera, onani kuseri kwake kuti analembapo kulemera kotani.

Wowotcherera, Booysens:
Onaninso mmene camper yamangidwira. Timbedza ta m'bodi tija ndi ta zingwe zomangira katundu wamba, chitsulo chake n'chopyapyala ndipo chimang'ambika. Zomangira zinayi zipite pa ma bracket ogwira chasisi kapena pa mabawuti omangira bodi, okhala ndi plate yochindikala kunsi. Pa chasisi gwiritsani mabowo omwe alipo kale, musaboole kapena kuwotcherera m'mphepete mwa pamwamba ndi pansi, ming'alu imayambira pamenepo. Pansi pa camper payalidwe labala, ndipo ikankhidwe mpaka kutsogolo kwa bodi, ndi kachidutswa ka labala pakati kuti zisakhulane. Ma turnbuckle, zokungira camper zija, musawamange mpaka kulira, chasisi chimapotoka pa msewu woipa ndipo china chake chiyenera kulolera. Okhala ndi sipuling'i m'kati ndi abwinopo.

Makaniko wa ku Selby:
Zamveka akuluakulu. Mwini galimoto wavomera kuchotsa tayala lapadera lachiwiri, towbar ndi mpando, batire asintha. Za madirowa akukanakana. Ndayitanitsa leaf pack yolemera, ma shock ake ndi ma U-bolt. Nanga sway bar yakumbuyo, chitsulo choletsa galimoto kupendekeka pokhota, ndiyikiretu?

Wa 4x4, Kempton Park:
Dikirani kaye aise. Masipuling'i, ma shock ndi ma LT zikhoza kuthetsa kupendekekako pazokha. Iyeseni itanyamula zonse, madzi ndi gasi yemwe. Ikamapendekekabe pokhota ndiye muyike, koma mumuuze kuti sway bar imachepetsa kutambasuka kwa matayala pa miyala ndi m'maenje, tayala limodzi liziyamba msanga kulendewera. Musinthenso brake fluid ngati yadutsa zaka 2, ndipo pa zitsetse zazitali ngati Van Reenen azitsika ndi giya, osati ndi phazi pa buleki.