Shuga wakumtundu, ndingodikira kapena zimapeweka?

Nambewe_25:
Moni nonse. Bambo anga ali ndi shuga, amalume chimodzimodzi, ndiye ine thupi likungobwera masiketi onse athina. Kuchipatala andiyeza akuti shuga wakwerako koma sanafike poti ndi matenda. Poti ndi zakumtundu ndingodikira basi kapena pali chochita?

Mphunzitsi_Kawale:
Chochita chilipo asisi. Ku America kunali kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, zotsatira zinatuluka 2002, anatenga anthu ngati inuyo amene shuga ali m'malire, ena anawapatsa mankhwala a shuga otchedwa metformin, ena anawathandiza kuchepetsa thupi ndi 7 peresenti komanso kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. A mankhwala aja chiopsezo chinatsika ndi 31 peresenti koma osintha kadyedwe ndi kuyenda chinatsika ndi 58. Ngati mumalemera makilo 80 tikunena makilo osafika 6 oti muchotse, si zoti muwonde mpaka anthu azikufunsani ngati mukudwala ayi.

Bra_Chiwaya:
Ndiye mukuti tisiye nsima?? Makolo athu kumudzi amadya mitanda inayi koma shuga sankamudziwa

Mayi_a_Tadala:
Achimwene makolo aja amadzukira kumunda ndi khasu, kutunga madzi, kusinja, inu kuchoka Mchesi kupita m'tauni mukwera kabaza kenako tsiku lonse pampando, lanchi tchipisi ndi Fanta. Nsima musasiye koma muchepetse mitanda, ndipo mgaiwa uli bwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga uja sanachoke. Theka la mbale likhale masamba, bonongwe, nkhwani, chisoso, kwinako nyemba kapena usipa. Chimene chimatipweteka kwambiri ndi zakumwa, tiyi masipuni anayi a shuga ndi mandasi awiri m'mawa, masana Sobo, thobwa nayenso tathiramo shuga wambirimbiri.

Mphunzitsi_Kawale:
Ndipo si za azungu zokha, a bungwe lofufuza za matenda la MEIRU anayeza anthu ku Area 25 konko ndi ku Karonga, anapeza kuti kunenepa kopitirira muyeso kwachuluka kwambiri mwa amayi a m'tauni kuposa abambo komanso kuposa akumudzi. Vuto kwathu kuno munthu ukanenepa amati banja lakuyanja.

Nambewe_25:
Zikomo nonse. Tiyi wopanda shuga yekhayo ndiye nkhondo kkkk, ndiyamba ndi sipuni imodzi. Kuyezanso ndipite pakapita nthawi yaitali bwanji?

Mayi_a_Tadala:
Kamodzi pachaka osalephera, koma mukaona ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi usiku musadikire chaka, thamangani kuchipatala.