Mutu waching'alang'ala wandiluzitsa K135,000, thandizeni maganizo

Membala wobisa dzina:
Aadimini ndibiseni dzina chonde, apongozi anga ali pagulu pomwe pano.

Ndine mayi wa zaka 31, ndimakhala ku Chinamwali koma ndili ndi kakontena kotumizira ndalama za pafoni kufupi ndi depoti m'tauni muno. Mutuwu unandiyamba ndili Fomu 3, unkabwera mwa apo ndi apo. Chaka chino ndiye wachita kusamukira kwathu.

Ukamabwera ndimayamba kuona kanthu kothwanima kumbali, kokhala ngati mano a sowo, kakunjenjemera ngati malata dzuwa likaswa mtengo. Kamakula pang'onopang'ono mpaka pakati pa chimene ndikuyang'ana pamakhala ngati pafufutidwa. Pakatha mphindi 20 kapena 30 maso amayera bwinobwino, ndiye mutu uyambepo. Mbali imodzi, kawirikawiri kumanzere kuseri kwa diso, kugunda ngati wina akusinja. Nseru, kusanza. Fungo la kanyenya ndi utsi wa maminibasi sindifuna kulimva. Ndikati ndiwerame kutola ndalama, ngati mutu uthothoka. Ndimangotseka kontena, kukwera kabaza, kukafika kunyumba n'kutseka makatani, chitenje kumaso. Tsiku lapita limenelo, nthawi zina ndi la mawa lomwe.

Lachiwiri lapitali ndiye ndinalira. Bambo wina anabwera kudzaika K15,000, tothwanima tija titayamba kale. Ziro mmodzi sindinamuone, ndinatumiza K150,000. Pamene ndimazindikira n'kuti munthu atakwera minibasi ya ku Liwonde, foni wathimitsa.

Kuchipatala ndapitako katatu. Kundibaya chala, malungo palibe, BP ili bwino, "mayi muzimwa madzi ambiri," panado, basi. Panadoyo ndimamwa ngati mtedza, awiri m'mawa uliwonse ndisanatsegule kuopa kuti ungabwere, masana bulufeni. Pano ngakhale tsiku loti ching'alang'ala sichinabwere ndimadzuka mutu ukulemera. Apongozi akuti ndikatemere mphini m'litsipa, bambo akunyumba akuti ndi foni. Alipo amene anapeza thandizo lenileni kuno ku Zomba? Ndatopa abale.

Nachisale wa ku Sadzi:
Mwangofotokoza ine ndendende, kungoti ine tothwanimato sindiona. Wanga umabwera kutatsala masiku awiri kuti ndipite kumwezi, sulephera. Mayi anga analinso nawo, unawasiya atasiya kusamba. Pepani mayi.

Bambo a Junior:
Nsanje za pabizinesi izo. Mwaonapo mutu wosankha nthawi yowerenga ndalama? Pitani akakupempherereni.

Nachisale wa ku Sadzi:
Inu a Bambo a Junior, ine bizinesi ndilibe, amene akundichitira nsanje akulimbirana chiyani, mbale zakuda? Pemphero ndi labwino koma munthu afunse zamankhwala kaye.

Che Ajusa wa ku Songani:
Ine unkandivuta masiku oyambirira a Ramadani. Ndinadzazindikira kuti ndi njala, ludzu ndi kusowa tiyi amene ndinazolowera. Achemwali, mumadya nthawi yanji? Anthu a m'makontena ndimawaona, 3 koloko masana m'mimba muli kachitumbuwa kamodzi. Kontena yachitsulo mu Okutobala ndi uvuni. Khomani mphasa kudenga ndipo botolo la madzi lisachoke pambali.

Membala wobisa dzina:
Che Ajusa mwandigwira. Nsima ndimadya usiku wokha, madzi ndimachepetsa dala chifukwa chimbudzi cholipira chili patali ndipo kontena ndilibe womusiyira.

Mayi Nangozo, nesi wopuma:
Mwana wanga, ndisanalankhule zambiri ndiyankhe kaye. Ukulera ndi njira yanji?

Membala wobisa dzina:
Mapiritsi amayi, aja akumwa tsiku ndi tsiku. Ndinasiya jakisoni chaka chatha mwezi wa Novembala chifukwa ndimanenepa.

Mayi Nangozo, nesi wopuma:
Ndimaganiza choncho. Imeneyi ndiyo nkhani yofulumira kuposa zonse walembazi. Tothwanima ukunenato achipatala amati aura, ndipo si aliyense wa ching'alang'ala amationa. Mayi amene amationa sayenera kumwa mapiritsi olera a mphamvu ziwiri, aja okhala ndi estrogen, chifukwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko. Sindikukuopseza, si kuti mawa ugwa ayi, koma sabata ino tenga paketi yakeyo upite nayo kwa anesi a zakulera, ukawauze mawu omwe walemba apawa. Njira zina zilipo zimene zilibe vuto limeneli: lupu, kapulasitiki ka pamkono, jakisoni, ngakhale mapiritsi a mphamvu imodzi. Pakali pano gwiritsani makondomu. Taonanso kuti mutu wako wakula chaka chomwe wayamba mapiritsiwo.

Yachiwiri ndi panado wa m'mawa uja. Mankhwala opha ululu ukamamwa masiku 15 kapena kuposa pa mwezi, kwa miyezi ingapo, iwo omwewo amayamba kubereka mutu. Aja osakaniza ndi kafeini kapena codeine ndiye masiku 10 okha akwana. Kulemera kwa mutu umadzuka nako kuja n'kutheka kuti ndi kumeneku. Mphamvu ya piritsi ikatha mutu umabwera, iwe umwenso, gudumu lizingozungulira. Ukasiya, sabata yoyamba ndi yachiwiri umakula kaye, usadzadabwe n'kubwerera. Kenako umayamba kupepuka. Bulufeni wa tsiku ndi tsiku pamimba yopanda kanthu amaboolanso zilonda.

Ching'alang'ala chenicheni chikabwera, mwera mankhwala koyambirira komweko, osadikira kuti usanze, chifukwa chikakula m'mimba mumaima ndipo piritsi limangokhala osasungunukira m'thupi. Pali ndi kapiritsi koletsa nseru kotchedwa metoclopramide kamene adokotala angakulembere. Koma kumwa lero kuopa za mawa, leka.

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Ndiwonjezere pa zimene anena amayi. Ine ndinkajomba kusukulu masiku anayi kapena asanu pa mwezi. Chimene chinasintha zinthu ndi kope la masamba 40. Ndinkalemba tsiku, ola limene wayamba, watha liti, ndagona nthawi yanji, ndadya chiyani, ndamwa mapiritsi angati. Nditapita nalo ku Zomba Central adokotala anawerenga, ndipo sitinakambenso za malungo. Ukangoti "mutu ukundipweteka" pamzere wa anthu 100, ubayidwa chala basi, iwonso nthawi alibe. Anandipatsa amitriptyline, kamodzi kakang'ono usiku. Sikachiza lero lomwe, ine ndinaona kusintha patatha milungu ngati isanu ndi umodzi. Kamaumitsa kukhosi ndipo masiku oyamba ndinkawodzera pa asembule. Pano umabwera kamodzi pa mwezi, mwinanso osabwera. Kuchira kotheratu sindinganame, koma ntchito ndikugwira.

Wa pa Chikanda:
Amitriptyline si aja amapereka ku Mental? Aphunzitsi tiuzeni zoona kkkk

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Kuseka kumeneku n'kumene kunandichedwetsa mwezi wathunthu ndisanayambe kumwa. Inde amaperekanso kwa odwala matenda a nkhawa, koma pamlingo wokulirapo. Wa mutu ndi wochepa. Propranolol nayenso ndi wa BP koma amaperekedwa kupewa ching'alang'ala, kupatula kwa amene ali ndi mphumu. Ife a ku Zomba tinazolowera kunyozedwa ndi chipatala chija, tisamanyozanenso tokha.

Nabanda Salon:
Nsalu yonyowa ndi madzi ozizira pachipumi, chipinda chamdima, ana uwatumize kwa aneba. Ine ndikagona ngakhale maola awiri umachepa. Mawigi othina ndi mafuta onunkhira kwambiri ndinasiya. Mphini ndinatemera zisanu ndi zitatu, ndangotsala ndi zipsera.

Mayi Nangozo, nesi wopuma:
Ndaona ambiri akuwerenga, ndiye ndinene ichi. Si mutu uliwonse ndi ching'alang'ala. Wobwera mwadzidzidzi ngati wakumenya ndi chibonga, wobwera ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, kufooka mkono kapena mwendo mbali imodzi, kamwa kupotoka, mawu kusokonekera, kukomoka, kapena mutu waukulu kwa mayi woyembekezera, umenewo si wogonera m'chipinda. Thamangani kuchipatala usiku womwewo. Amene ali ndi kachilombo ndipo mutu ukungokulirakulira masiku angapo, msadikirenso. Tothwanima tikapitirira ola limodzi, chimodzimodzi.

Membala wobisa dzina:
Amayi zikomo, ndayang'ana paketi ija, ndi ya mphamvu ziwiri. Katatu konse ndinapita kuchipatala za maso sindinatchule, ndinkaona ngati andiseka. Lolemba ndilawira kwa anesi, kontena atsegula mlamu wanga. Kope ndalanda kale la mwana wa Sitandade 4, akulira kuno. Apongozi ngati mwandizindikira, za mphini zija tidikire kaye. Ndipo amene akudziwa bambo wamtali wa jekete yofiira amene anatsikira cha ku Malosa kapena Liwonde Lachiwiri masana, amuuze kuti nambala yake ndili nayo.