Za tsamba loyamba la Chrome lija, zatheka

Ndinafunsa chifukwa chake Chrome (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) pa laputopu yanga imatsegukabe pa tsamba losakira lachilendo ngakhale nditasintha home page. Zikomo nonse amene munayankha, vuto latha.

Malo osinthira alipo awiri. Home page yosinthira pa Appearance, mu Settings ya Chrome, imangolamulira tsamba limene limatseguka mukadina kabatani kooneka ngati nyumba kaja. Tsamba limene limatseguka mukangoyatsa Chrome limasinthidwa pa Settings, kenako On startup, n'kusankha "Open a specific page or set of pages".

Koma kwa ine zinkabwererabe. Chinkachititsa ndi extension ina (kapulogalamu kowonjezera mu Chrome) imene inalowa mozemba limodzi ndi pulogalamu yaulere (zaulerezi muzichenjera nazo, abale). Ndinalemba chrome://extensions pamalo olembapo adiresi, n'kuichotsa. Muonenso pa Search engine mu Settings momwemo (posankhira tsamba losakira), chifukwa kumenekonso inali itasinthako.