Muwawani ukutipatsa manambala a mainasi pa mayeso a dzira, talakwitsa pati?

Wa labu, Kasungu boma:
Akuluakulu, mutu waima, ndibwerekeni nzeru. Mwana wa mchemwali wanga akumaliza maphunziro a zamankhwala ndipo pulojekiti yake ndi yoyesa ngati makungwa a muwawani amaphwetsa kutupa. Ali pa tchuthi kuno, ndiye timagwira limodzi madzulo za odwala zikatha, abwana akudziwa. Njira ndi ya dzira ija: 0.2 ml ya choyera cha dzira, 2.8 ml ya phosphate buffer (madzi osunga mlingo wa asidi kuti usasinthe) ya pH 6.4, 2 ml ya extract (madzi omwe tatulutsiramo mankhwala a makungwawo). Mphindi 15 pa madigiri 37, kenako mphindi 5 pa madigiri 70, zikazizira tiwerenge kuvunduka kwake ndi makina oyeza kuwala pa 660 nm. Chubu cha control, chomwe tikuthiramo madzi m'malo mwa extract, chikupereka 0.82. Muwawani pa 100 µg/ml ndi 0.80, pa 500 ndi 0.97, pa 1000 ndi 1.18. Ndiye kuti tikamawonjezera mankhwala dzira likuyipirayipira, masamu akutuluka mainasi 44 peresenti. Chondizunguza kwambiri n'chakuti diclofenac, mankhwala odziwika a kutupa amene amayenera kutisonyeza njira, nayenso wapereka 1.05. Tabwereza katatu, mazira atha theka la thireyi. Mwanayu akufuna kulira.

Wa ku Santhe:
Kikiki achimwene, mazira enawo tumizani kuno tikazinge. Koma funso loyamba: diclofenac wanu ndi wa ufa weniweni kapena mwasinja piritsi?

Wa labu, Kasungu boma:
Piritsi la 50 mg. Tinasinja mu kamtondo, n'kusungunula m'madzi.

Mayi wa famase, Mchinji:
Apo ndiye pagona theka la nkhani. Piritsi si mankhwala okhaokha, achimwene. Muli sitachi, muli zomatira, ndipo la 50 mg lija nthawi zambiri limakhala ndi chikuto choti lisasungunuke m'chifu mpaka lifike m'matumbo. Zonsezi mukasinja zimangoyandama, madzi n'kukhala mbuu ngati otsukira mpunga. Makina anu sasiyanitsa mbuu wa sitachi ndi mbuu wa dzira lopsa. Ngati ufa weniweni wa diclofenac sodium mulibe, bola botolo la jakisoni la 75 mg mu 3 ml, ndi loyera mbee. Koma nalonso lili ndi zosungunulira zake, ndiye mwanayo alembe poyera mu lipoti kuti munagwiritsa ntchito jakisoni. Chenjezo lina: mukamalisukulutsa, kwezani chubu ku kuwala muyang'ane. Diclofenac akachuluka m'madzi opanda soda amatha kupanga timiyala ting'onoting'ono, n'chifukwa chake ngakhale woika mu diripi amayamba wathiramo soda wa bicarbonate. Yambani ndi wochepa, 50 kapena 100 µg/ml.

Mnyamata wa ku Mtunthama:
Ine ndinaona pa intaneti fomula ina yomwe amagawa sample ndi control n'kuchotsa 1. Mukaigwiritsa ntchito, 1.18 wanuyo akhala 44 peresenti wabwinobwino, mainasi athawa. Basi nkhani yatha.

Mkulu wopuma ntchito, Kamwendo:
Mphwanga wa ku Mtunthama, fomula imeneyo ilipodi m'mapepala ambiri, anthu amangokoperana. Koma taganiza kaye chomwe tikuyesa. Choyera cha dzira chikatenthedwa chimaundana n'kuyera, monga umaonera m'chiwaya. Mankhwala akakhala kuti akuteteza puloteni, chubu chizituluka choyererapo kuposa control, nambala itsike. Ndiye kuwerengera kwake ndi control kuchotsa sample, kugawa ndi control, kuchulukitsa ndi 100. Ukatembenuza fomula kuti chubu chovunduka kwambiri chioneke chopambana, ngakhale phala la mgaiwa likhoza mayeso.

Achimwene a ku Kasungu, mayi a ku famase akuuzani za piritsi, ine ndikambe za khungwa. Makinawo saona kutupa, saona ululu. Amangoyesa kuwala komwe kwatsekerezedwa mu cuvette, kachubu kolowa m'makinamo. Mu chubu chanu muli zinthu zitatu zomwe zingatseke kuwala: dzira lopsa, mtundu ndi nsenga za extract, ndi chachitatu chomwe ndikuchikayikira kwambiri, tannin. Munalawapo khungwalo? Kupatula kuwawa komwe kunalipatsa dzina, limakhakhalitsa m'kamwa ngati nthochi yaiwisi. Kukhakhala kumeneko ndi tannin akugwira mapuloteni a m'malovu. Ndi yemweyo amene ofufuta zikopa amamufuna m'makungwa. Akakumana ndi choyera cha dzira amachiundanitsa pomwepo, moto usanayandikire n'komwe.

Musagule mazira ena musanachite izi. Konzani chubu cha extract ndi buffer chopanda dzira, chidutse m'moto momwemo, muwerenge. Konzaninso chubu chathunthu, dzira ndi extract, muwerenge musanachiike pa madigiri 70. Control nayonso muiwerenge isanatenthedwe. Pomaliza donthezani ferric chloride mu extract pang'ono. Ikada mobiriwira kapena mwa buluu, tannin alimo. Mutiuze manambala.

Wa labu, Kasungu boma:
Zikomo bambo. Kunena zoona sitinawerengepo tisanatenthetse, pepala lomwe mwanayu akutsata silinatchule. Extract sitinasefenso bwino, tinangodutsitsa pa gozi.

Wa ku Nkhamenya:
Gozi ndi wa pa bala, achimwene, osati wa extract. Pepala losefera la Whatman nambala 1, kenako muzungulitse mu centrifuge mphindi 10, mutenge zapamwamba zokha. Dziranso lisefeni, kachingwe koyera kogwira yolk kaja kakalowa mu pipeti kamasokoneza. Ine china chinandivuta chaka chatha ndi water bath, chiwiya chotenthetsera machubu m'madzi chija. Magetsi akazima n'kuyakanso, nambala ya pa galasi imanena 70 pomwe madzi ali 62. Ikani thermometer yanuyanu m'madzimo, machubu onse alowe limodzi, atuluke limodzi. Ndipo musanathire mu cuvette gwedezani pang'ono, chifukwa dzira lopsa limadikha pansi. Mukachedwa, chubu chomaliza chimaoneka ngati mankhwala agwira ntchito pomwe changodikha.

Wa ku Santhe:
Bwanji osangosiya za mazirazi? Ino ndi nyengo ya mbewa, anyamata ali mbwee m'mbali mwa msewu ndi mipani yawo. Muwauze akubweretsereni zamoyo 30, hot plate ya kukhitchini muli nayo, muyese ululu weniweni.

Mkulu wopuma ntchito, Kamwendo:
A ku Santhe, mbewa zanuzo n'zandiwo. Koma poti mwaiyamba, ndiifotokoze, chifukwa ana asukulu ambiri amasokoneza mayesowa.

Mbewa za mu labu ndi zoweta, zoyera zija, zolemera magalamu 20 mpaka 25 kapena 30, za msinkhu umodzi, zodya chakudya chimodzi. Ya kutchire sudziwa zaka zake, matenda ake, ndipo mantha okha amasintha mmene imamvera ululu. Hot plate yake si yophikira nsima. Ndi chitsulo chokhazikika pa madigiri 55, mmene Eddy ndi Leimbach anachikonzera mu 1953. Umaika mbewa, n'kuwerenga masekondi mpaka inyambite phazi lakumbuyo kapena idumphe, ndipo ikapanda kutero umaichotsa pasanapitirire masekondi 30 kuti isapse. Anzake ndi mayeso a mchira a D'Amour ndi Smith a 1941, pomwe umalozetsa kutentha pa mchira n'kuona nthawi yomwe iuthawitse. Awiriwa amagwira bwino mankhwala olowera ku ubongo ndi msana monga morphine. Aspirin, Brufen kapena diclofenac pamenepo amaoneka ngati madzi. Ndinaonapo mwana wina atataya mwezi wathunthu akudabwa kuti aspirin wake sakuchedwetsa mbewa pa chitsulo, akuganiza kuti anamugulitsa wabodza.

Mankhwala a gulu la aspirin amaoneka pa mayeso a Koster ndi anzake a 1959. Umabaya acetic acid wa 0.6 peresenti m'mimba mwa mbewa, 10 ml pa kilogalamu, n'kuwerenga kangati ikudzipotokola ndi kutambasula miyendo yakumbuyo m'mphindi 20 kapena 30. Vuto lake, chilichonse chogonetsa kapena chofooketsa minofu chimachepetsanso kupotokolako, ndiye amakhoza ambiri osayenera. A formalin, a Dubuisson ndi Dennis a 1977, ndiwo ndimawakonda, chifukwa amagawa ululu pawiri. Ukabaya kadontho kuphazi, mphindi 5 zoyamba nyama imanyambita chifukwa mitsempha yalasidwa mwachindunji. Imapumira, kenako cha pa mphindi 15 mpaka 30 imayambiranso, tsopano chifukwa cha kutupa. Morphine amazimitsa mbali zonse ziwiri, Indocid ndi anzake a gulu la aspirin amagwira yachiwiri.

Za kutupa kwenikweni, mwini wake ndi carrageenan, wochokera ku ndere zofiira za m'nyanja yamchere. Winter, Risley ndi Nuss analemba njirayi mu 1962. Umabaya 0.1 ml ya 1 peresenti pansi pa phazi la khoswe woweta, n'kumayesa kukula kwa phazilo ola lililonse, poliviika m'kachubu ka madzi kuona madzi akwera bwanji, kapena ndi vernier caliper. Ola loyamba ndi la histamine ndi serotonin, zinthu zomwe thupi limatulutsa poyamba kutupa. Kuyambira cha pa ola lachitatu ndi pomwe ma prostaglandin, zinanso zomwe thupi limapanga zokulitsa kutupa ndi ululu, alamulira, ndipo mpamene diclofenac amaonetsa mphamvu. John Vane ndi amene anasonyeza mu 1971 kuti aspirin amatseka kapangidwe ka ma prostaglandin amenewa, mpaka analandira mphotho ya Nobel mu 1982.

Tsono funsani: mu chubu cha dzira muli prostaglandin? Muli mtsempha? Mulibe. Njira yoona ngati mankhwala akuteteza puloteni ku moto inachokera kwa Mizushima ndi Kobayashi mu 1968, amene anaona kuti mankhwala ambiri a kutupa amachita zimenezo ku mapuloteni a m'magazi. Ndi yongosankhira zoti zikayesedwe mozama. Ngakhale muwawani utapereka 90 peresenti, mwanayo asalembe kuti umathetsa ululu kapena kutupa mwa munthu. Ndipo za nyama zonse ndatchulazi sizichitika popanda chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ku sukulu kwake.

Mnyamata wa ku Mtunthama:
Ndamva bambo, fomula ija ndaitaya. Nanga ya maselo ofiira a magazi ija, yoika m'madzi ochepa mchere n'kuona ngati extract iwateteza kuti asaphulike? Magazi otsala mu labu sasowa.

Mayi wa famase, Mchinji:
Ayi mwanawe, magazi amenewo wodwala anapereka kuti ayezedwe matenda ake, osati pulojekiti ya munthu. Kafukufuku wokhudza magazi a anthu amafuna chilolezo, kaya ku NHSRC, komiti ya dziko yoona za kafukufuku wa zaumoyo, kaya ku komiti yotere ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, komanso mwini magazi avomere.

Wa ku Nkhamenya:
Kuwonjezera apo, imeneyo amawerenga cha pa 560 nm, ndipo extract yofiirira ngati tiyi wopanda mkakayo imamwa kuwala kwambiri kumeneko kuposa pa 660. Tannin akakumananso ndi haemoglobin, puloteni yofiira yotuluka m'maselowo akaphulika, amaigwetsa pansi, pamwamba n'kuyera, iwe n'kumavina kuti maselo sanaphulike. Msampha ndi womwewo, wangovala malaya ena.

Wa labu, Kasungu boma:
Ndabwera ndi manambala, dzulo magetsi anatichitira chifundo. Ferric chloride itangodontha, extract inada mobiriwira nthawi yomweyo, mwanayu mpaka anabwerera m'mbuyo. Titasefa ndi kuzungulitsa, extract yopanda dzira pa 1000 yapereka 0.05 yokha. Koma tamverani izi: titangothira extract mu dzira, tisanatenthetse, chubu chinachita mitambo ndikuona ndi maso, makina anati 0.41, pomwe control inali 0.03. Titatenthetsa, control 0.80, muwawani 1.09. Diclofenac wa jakisoni pa 100 µg/ml wapereka 0.52, ndiye 35 peresenti, mtima wakhala pansi kuti njira ikuyenda. Thermometer yathu inasonyezanso kuti water bath imanama ndi madigiri 4. Tsono tikachotsa za poyamba, muwawani ndi 0.68, control 0.77, kutuluka pafupifupi 12 peresenti. Tilembe 12 ameneyu?

Mkulu wopuma ntchito, Kamwendo:
Musamukhulupirire 12 ameneyo. Puloteni yomwe tannin anaigwetsa kale siingapsenso kachiwiri. Moto unapeza dzira lochepa mu chubu cha muwawani kuposa mu control, ndiye n'zosadabwitsa kuti kukwera kwake n'kochepa. Kumeneko si kuteteza. Njira zilipo ziwiri. Tsitsani extract mpaka pomwe chubu chisanatenthedwe chikufanana ndi control, mwina 25, 50 ndi 100, muyese pamenepo pokha, machubu atatu pa mlingo uliwonse. Kapena chotsani tannin ndi ufa wa PVPP, musefe, mutsimikize ndi ferric chloride kuti wachokadi, n'kuyesa extract ziwirizo moyandikana. Mukapeza kuti tannin atachoka palibe chotsala, chimenecho n'chotsatira choti chilembedwe, ndipo gome la manambala a musanatenthetse lija lilowe mu lipoti. Funso lina: mtengowo anautsimikiza ndani kuti ndi Cassia abbreviata? Khungwa logula pa msika limafanana ndi ena ambiri.

Wa labu, Kasungu boma:
Tinasenda tokha kumudzi kwa Chulu, mtengo wake agogo amaudziwa, uli ndi nyemba zake zitalizitali zija. Nthambi ya masamba ndi nyemba taipanikiza mu nyuzipepala, ipita ku National Herbarium ku Zomba sukulu ikatsegulira. Aphunzitsi ake tawaimbira, avomera kuti titsitse milingo ndipo mawu oti "kuthetsa ululu" achoke pa mutu wa pulojekiti. Lero madzulo tiyesa 25, 50 ndi 100. PVPP ndiye kuno kulibe. Alipo amene akupita ku Lilongwe sabata ino atifunsireko kwa ogulitsa za mu labu? Magalamu 10 okha akwana.

Wa ku Nkhamenya:
Ndikupita Lachinayi, ndikafunsa. Ndikapeza ndipatsira kondakitala wa minibasi, mukadikire pa depoti.

Wa ku Santhe:
Nanga yolk wa mazira onsewa akupita kuti? Pempho langa la mazira lija simunayankhe.