Kodi ku Lusaka kuno kuli nyumba zimene lendi yake imatsata ndalama zomwe munthu amapeza?

Mayi wa salaula, Chilenje:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mng'ono wanga ali ku America, akuti kumeneko kuli nyumba zothandizidwa ndi boma: munthu amalipira pafupifupi 30 peresenti ya ndalama zimene amapeza, zotsalazo boma limaonjezera. Malipiro akatsika, lendi nayo imatsika. Ine ndimagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, ku Kamwala, ndipo ndimakhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yakale ya khonsolo. Chimbudzi ndi chimodzi, mabanja atatu. Mwezi ukayenda bwino ndimatsala ndi K4,000, lendi K1,800, ndipo alandilodi anena kale kuti Januwale akweza. Kuno zoterezi ziliko? Nanga munthu azipeza zingati kuti amuganizire?

Agogo opuma pantchito, Libala:
Mwana wanga, zofananako zinaliko, koma zinatha mu 1996. Nyumba zambiri za ku Libala, Chilenje, Kabwata, Kamwala ndi Matero zinali za khonsolo, lendi yake yotsika. Koma musanamizidwe kuti zinali za osauka. Nthawi zambiri sankafunsa kuti umavutika bwanji, ankafunsa kuti umagwira ntchito kuti, chifukwa nyumba inkabwera ndi ntchito. Wogulitsa tomato pamsika ankapita ku Kanyama kapena ku Chawama kukadzimangira yekha.

Chaka chimenecho a Chiluba analamula kuti nyumbazo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, pamtengo wongotaya. Chinali chaka cha chisankho, aliyense aganize yekha. Ine ndinagula, sindibisa, ndipo mpaka lero ndimagona m'menemo. Koma khonsolo inataya ndalama za lendi, osamanganso zina zolowa m'malo. Ndiye thandizo lija linagawidwa kamodzi, kwa ife amene tinapezeka m'kati tsiku limenelo. Inu obadwa mochedwa mukulipira kwa ife. Yendani mu Chilenjemo muone: kumene kunali dimba la rape ndi mtengo wa mango, lero kuli mzere wa zipinda za mabuloko.

Mwana wa alandilodi, Kabwata:
Agogo anena zoona, koma musatione ngati mbava. Zipinda zitatu zakuseri ndizo penshoni ya amayi anga. Pamenepo pachoke mankhwala a BP, ma rates a khonsolo, msonkho wa ZRA, denga likadontha ndi ife. Wina amakhala miyezi itatu osalipira, kenaka n'kusamuka usiku.

Kalaliki wa mu tauni:
Amayi, funso lanu ndiliyankhe mosazungulira: ofesi yoti mupiteko ndi kunena kuti "ndimapeza zakuti, ndichepetsereni lendi" kuno kulibe. National Housing Authority, bungwe la boma loona za nyumba, ilipo kuyambira 1971, koma nyumba zake ndi zogulitsa kapena zalendi yomwe wa salaula sangaikwanitse. Za ku PHI (Presidential Housing Initiative, pulogalamu ya nyumba ya pulezidenti) nazonso zinamangidwa pa dzina lothandiza anthu, koma taonani magalimoto amene amatuluka m'mageti akumeneko m'mawa. Ngongole ya nyumba ku Zambia National Building Society kapena kubanki, choyamba afuna umboni wa ndalama zolowa mwezi ndi mwezi, ndipo wa payslip ndiye amadutsa msanga.

Thandizo lenileni lomwe latsala ndi housing allowance, ndalama ya nyumba yoonjezera pa malipiro, ndipo nalonso limapita kwa wolembedwa ntchito. Tsono ganizirani izi: malipiro otsikitsitsa a wantchito wam'nyumba anafika pa K1,300 mu Januwale 2024, pomwe chaka chomwecho a JCTR, bungwe la Akatolika lomwe limafufuza mitengo ya zinthu, ankawerengera kuti banja la anthu asanu mu Lusaka limafunika ndalama pafupifupi K10,000 pamwezi. Munthu wotere nyumba yamayadi amangoikolopa, kugona amakagona kukomboni. Bungwe lothandiza la Habitat for Humanity limamangira mabanja ovutikitsitsa, makamaka osamala ana amasiye, koma inu ndi bizinesi yanuyo angakuoneni ngati muli bwinoko.

Mayi wa salaula, Chilenje:
Zikomo nonse. Ndiye kuti kwa osauka ndine wolemera, kubanki ndine wosauka. Chilimba chathu ndilandira mu Disembala. Alipo amene anagulako poloti cha ku Chongwe kapena njira ya ku Kabwe? Ndikufuna kudziwa mapepala oyenera kuona ndisanapereke ndalama, chifukwa mnzanga wapamsika anagulitsidwa poloti yomwe inali ndi eni ake awiri kale.