Mbumba ya Nachisale: za a Limbani akatuluka m'chipatala

Tadala (Turffontein): Mwaswera bwanji nonse. Ndangochokera ku chipatala cha Charlotte Maxeke kuno ku Johannesburg. Achimwene awatulutsa mu ICU, ali mu wodi wamba tsopano. Amwa phala pang'ono ndipo akuyankhula bwinobwino. Adokotala ati zikapitirira chonchi Lachisanu atuluka. Tiyeni tikambiranetu za akatuluka, ndekha sindingathe.

Mayi aang'ono a Esinati (Ntcheu): Ambuye alemekezeke. Koma ine mutu wanga sukugwirabe. Lamlungu munthu timacheza naye pa foni akuseka, Lolemba mukuti mtima. Zaka 46 zokha?

Malume a Chisale (Ntcheu): Tadala, tafotokoza bwino. Kuno ena akuti sitiroko, ena akuti ngozi ya galimoto.

Tadala: Si sitiroko malume, komanso sanachite ngozi. Lolemba m'mawa akukweza mipando m'galimoto ku Fordsburg anamva chifuwa kuthina. Ankayesa chilungulira, mpaka anatuma mnyamata kukagula Eno. Kenako ululu unatsikira kumkono wamanzere, n'kukwera kunsagwada, thukuta lozizira kamukamu, n'kusanza. Mnzawo wa ku Mangochi amene amagwira naye ntchito ndiye anaimba 112, nambala yoitanira ambulansi. Iwo ankakana, akuti tiye timalize kaye katundu.

Chikondi (Zomba): Mnzawo ameneyo tidzamuthokoze mwapadera. Adadi, mtima uli ndi mitsempha yakeyake imene imaupatsa magazi. Mafuta amaunjikana m'kati mwa mtsempha kwa zaka zambiri munthu osamva kanthu, makamaka ngati pali BP, shuga kapena fodya. Tsiku lina pamalopo pamang'ambika, magazi n'kuundana, njira n'kutsekeka. Mnofu wa mtima umene sukulandira magazi umayamba kufa, n'chifukwa chake kuchedwa kumapha. A Limbani anawalowetsa kachubu kudzera pamkono, n'kuika stent, kawaya kopota ngati kasipuling'i ka m'bolopeni, kuti mtsempha ukhale wotseguka. Pachifuwa sanang'ambepo.

Mayi aang'ono a Esinati: Ine ndinena za kumtima kwanga. Kunjako anthu amachitirana nsanje pantchito. Mwanayu abwere kumudzi, timuone ndi maso athu, timufunireko ndi zachikuda.

Malume a Chisale: Zansanjezo tizisiye, koma zobwerazo ndikugwirizana nazo. Munthu akadwala amabwerera kwawo. Kumeneko amusamalira ndani, nonse muli pantchito?

Chikondi: Adadi, azakhali, mundikhululukire, apa ndikana. Basi yochokera ku Park Station imatenga pafupifupi masiku awiri, kudikira pa Beitbridge, pa Nyamapanda, kudutsa Tete kotentha kuja. Ululu ukayambiranso panjira apita kuti? Chachiwiri ndi mankhwala. Munthu wa stent amamwa aspirin pamodzi ndi clopidogrel kapena wofanana naye, kawirikawiri chaka chathunthu, kuti magazi asaundane pa kawaya paja. Kungosiya masiku ochepa stent itha kutsekeka. Kuchipatala chathu chaching'ono kumudziko simungadalire kuti mankhwala amenewa muwapeza mwezi uliwonse. Ndipo azakhali, zitsamba ayi ndithu. Zina zimalimbana ndi mapiritsiwa, munthu n'kuyamba kutaya magazi m'mimba. Pemphero lokha tumizani, lifika.

Malume a Chisale: Ndiye ukuti asadzabwerenso?

Chikondi: Adzabwera adadi, adokotala ake akadzamuona kangapo n'kumulola, atanyamula kalata ndi mankhwala okwanira. Panopa ayi.

Malume a Chisale: Chabwino mwananga, ndamva. Tikambe za ndalama.

Tadala: Adokotala awaletsa kuyendetsa galimoto ndi kunyamula zolemera mpaka adzawaonenso pakatha mwezi, ndipo ati kwa munthu woyendetsa ngati ntchito nthawi itha kupitirira. Abwana awo ati malo awasungira, koma masiku osagwira salipira. Lendi ndi R2,800. Kuphatikiza chakudya ndi thiransipoti yopita ku cheki, ndikuona R4,500 pamwezi. Tiwerengere miyezi itatu.

Mphatso (Rosettenville): Tadala, uone pa payslip yawo ngati amadulidwa UIF, inshuwaransi ya boma ya anthu apantchito. Ngati amadulidwa, pali ndalama ya odwala imene angafunsire ku Labour, koma pamafunika fomu yosainidwa ndi adokotala. Tiitenge asanatuluke. Ine ndiziika R1,200 pamwezi.

Gift (Cape Town): Ine R1,500, ndizitumiza pa 25. Pepani kuti ndili kutali.

Tadala: Ine R1,000. Kwatsala R800.

Malume a Chisale: Ife tigulitsa nandolo titumize.

Mphatso: Malume, musatumize kuno. Kwacha ikasanduka randi imatsala yochepa zedi. Inu mugwire za kumudzi zimene achimwene ankatumizira pa Mukuru: fizi ya Faith, feteleza wa amayi, ndi tikiti ya alamu ngati akubwera. R800 yo ndikamba ndi anzathu a kutchalitchi kuno, amathandiza pa zotere.

Amake Faith (Balaka): Zikomo nonse, ndikuwerenga misozi ili m'maso. Pasipoti ndili nayo, sinathe. Ndikufuna ndinyamuke Loweruka. Ana ndiwasiya ndi achemwali anga.

Mphatso: Bwerani alamu. Pa boda amapatsa masiku 30, tisadzapitirire ngakhale tsiku limodzi. Ine ndidzakuchingamirani ku Park Station.

Tadala: Pali china chimene chikundivuta kuposa ndalama. Dzulo usiku achimwene anandigwira dzanja n'kundiuza PIN ya ku banki, n'kuyamba kufotokoza za malo a Faith ndi pamene akufuna adzagone kumudzi. Anesi akuti sakugona, amangogwira pachifuwa kumvetsera mtima. Ine chibadwire achimwene sindinawaonepo akulira. Ndinatuluka panja kukalirira pakhonde.

Mayi aang'ono a Esinati: Mayo ine mwana wa mkulu wanga.

Chikondi: Tadala, zimenezo zimachitikira ambiri akadwala mtima, ngakhale amuna olimba mtima. Mantha, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, ena kungokhala ndwii. Usawauze kuti limbani ndinu mwamuna. Akayamba kukamba, mvetsera. Mawa uwauzenso adokotala, chifukwa munthu wotaya mtima amayamba kudumphitsa mankhwala. Sabata zoyambazi asagone okha. Koma musawagoneke tsiku lonse. Aziyenda pang'ono, mphindi 5 kapena 10 pamalo athyathyathya, n'kumaonjezera. Ufunsenso ngati pali pologalamu ya masewera olimbitsa mtima imene angawalembe.

Limbani: Ndikuwerenga zonse. Tadala wandibweretsera chaja.

Amake Faith: Bambo a Faith!

Limbani: Ndilipo mayi, musalire. Zimene wanena Tadala ndi zoona. Masana ndimakhala bwino, koma magetsi akazima ndimaopa kutseka maso. Pakangolasa pang'ono ndimati basi yabweranso. Ndipo zikundiwawa kuti ine amene ndimatumiza, lero mukundisonkhera. Malume, BP anandipeza nayo kalekale ku kiliniki, mankhwala atatha sindinabwerereko chifukwa cha mzere ndi ntchito. Gift ndi Mphatso, kayezetseni, adokotala ati zimayenda m'magazi. Atate aja sanangogwa chabe kumunda.

Malume a Chisale: Mphwanga, unamangira mayi ako nyumba ya malata, unaphunzitsa Tadala. Zosonkhazi si ngongole. Koma fodya uja watha, ndanena ine.

Limbani: Watha malume. Chimodzi ndipemphe. Amayi musawauze pa foni, BP yawo mukuidziwa.

Malume a Chisale: Ndipita ndekha mawa m'mawa ndi Esinati. Tikakhala nawo pansi, kenako tikuimbira pa vidiyo akuone ukuyankhula. Ukhale tsonga ndipo usambe kumaso.

Mayi aang'ono a Esinati: Amake Faith akamabwera ndiwapatsira ufa wamgaiwa, nyemba, mfutso ndi usipa.

Chikondi: Zabwino zonsezo azakhali, bola usipa usakhale wamchere. Alamu, mchere wa tsiku lonse usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi, magalamu 5, kuwerengera ndi wobisika mu Aromat, ma cube ndi supu wa m'paketi. Polony, russian, magwinya ndi chips za pa kona zija aziiwale. Mutu ukawawa amwe Panado. Brufen ayi. Grand-Pa ayinso, chifukwa mu Grand-Pa muli kale aspirin. Akapatsidwa kapiritsi koika pansi pa lilime kazikhala m'thumba. Ululu wa pachifuwa ukabwera osasiya pakatha mphindi 5, imbani 112 kapena 10177, musayambe kufunsa pagulu pano. Chimbudzi chikada bii kapena magazi akamatuluka osasiya, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo.

Tadala: Ndalemba. Vuto lina ndi chipinda chawo, chili pamwamba, pa nsanjika yachitatu, ndipo lifiti inafa.

Mphatso: Abwere kwanga, ndili pansi. Ine ndizigona pabalaza mpaka alamu afike. Masana Lachisanu ndi Loweruka ndili off. Tadala, ungathe Lamlungu ndi Lolemba?

Tadala: Lamlungu inde. Lolemba ndisinthana ndi mnzanga, ndikuuza mawa.

Gift: Ndikuonjezera R400 lero mugule makina oyezera BP ku famase, a pamkono wam'mwamba. Muziyezanso nonse.

Amake Faith: Alamu a Mphatso, munditumizire nambala yanu ya kumeneko ndi adiresi ndilembe papepala, foni itha kuthima panjira.

Mphatso: Ndatumiza ku inbox. Tadala, Lachisanu tikumane pageti 9 koloko, utenge jekete yawo ndi nsapato zosamanga zingwe. Fomu ya UIF ndibweretsa ine.